Digiri yanga ndi ya pass, kodi MBA yakunja nkutheka?

FUNSO: Ine ndine mayi wa zaka 29, ndimagwira ntchito ya accounts pakampani ina yogula soya kwa alimi ku Kanengo, chino nchaka chachisanu. Ndimalakalaka MBA, digiri ya masters ya kayendetsedwe ka bizinesi, ya sukulu zikuluzikulu zija ngati INSEAD kapena London Business School koma digiri yanga ndinangopeza pass osati credit. Chaka chatha ndinayesa sukulu ina ku UK anandikana osandiitana ndi ku intavyu komwe, chonsecho kalata yondichitira umboni analemba ndi a MP akwathu. Ndingozisiya? Mlongo wa ku Area 25

YANKHO: Achemwali musasiye, koma pepani ndaseka pang'ono pa kalata ya a MP ija. Anthu a ku sukuluzi alibe nazo ntchito kuti wasayina ndi wolemekezeka bwanji, amafuna munthu woti anakuonani ndi maso mukugwira ntchito, woti anganene kuti tsiku lomwe alimi anadzadza pageti ndalama zitachedwa iyeyu ndi amene anatsala muofesi mpaka usiku kuwerengetsa malisiti mmodzimmodzi kuti mawa lake aliyense alandire zake. Nanga a MP alembapo chani? Kuti ndinu mwana waulemu wa mdera lawo, basi. Pitani kwa supervisor wanu, olo akhale mnyamata wokwera minibasi ngati inu nomwe, mukhale naye pansi mumukumbutse zomwe munachita, ndipo mumuuziretu kudakali miyezi iwiri chifukwa fomu yake amadzaza yekha pa intaneti ndipo mabwana athuwa mukuwadziwa.

Pass ija simungaifufute, chomwe chimaiphimba ndi GMAT, mayeso olowera ku sukulu za bizinesi. Mtundu watsopano wa mayesowa unayamba kumapeto kwa 2023, malikisi amayambira 205 kufika 805, zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse, ndipo 645 ya pano ikufanana ndi 700 yakale ija ndiye musatengeke ndi manambala a anthu omwe analemba kalekale. Chigawo cha masamu salola calculator, apa ndi pomwe ma accountant ambiri ozolowera Excel amagwa chagada. Pa mba.com pali mayeso awiri oyeserera aulere, lembani amodzi Loweruka lino muone pomwe muli. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 5, ndipo GRE, mayeso ena ofanana nawo, nayo sukuluzi zimalandira.

Koma nkhani yaikulu ndi esee. Ndikukaika ngati simunalembe kuti Malawi ndi dziko losauka ndipo mukufuna kudzalitukula, chifukwa tonse timalemba zomwezo ndipo owerenga aja anatopa nazo. Inu muli ndi chinthu choti anyamata a ku mabanki a ku London omwe mukupikisana nawo alibe: mukudziwa mmene mtengo wa soya umagwera nthawi yokolola, mukudziwa mavenda ndi masikelo awo, munali pa desiki mu November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye fotokozani kuti mmawa wake munatani, munauza chani abwana, ndalama zingati zinapulumuka chifukwa cha inu. Ife Amalawi tinaleredwa kuti kudzitama nkoipa, timati fodya wako ndi uyo ali pamphuno koma pofika polemba za ife eni timabisala kuseri kwa "tinachita". Apa lembani "ndinachita", ndipo ikani manambala.

Za ndalama ndisakunamizeni, fizi ya INSEAD yokha imadutsa ma euro 100,000 pa miyezi 10. Nchifukwa chake muponye mu Round 1, gawo loyamba lolandira ma fomu, cha mu September, ndalama za sikolashipu zisanagawidwe. Chevening, sikolashipu ya boma la UK yophunzirira komweko, imafuna zaka 2 zapantchito zomwe muli nazo kale, koma pa MBA imalipira fizi kufika pa mlingo wina wake, zotsala mumasaka nokha.

Komanso musaponye mbedza imodzi ngati chaka chatha. Onjezerani sukulu za bizinesi za GSB ya University of Cape Town ndi GIBS ya ku Johannesburg, kungoti ku South Africa digiri yanu iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lawo loona za mapepala a maphunziro, ndipo MBA yawo imafuna pepala la NQF 8, kutanthauza mlingo 8 pa makwerero awo a maphunziro, ndiye akaika yanu pa 7 mudzayamba mwadzera ku postgraduate diploma. Ma transcript kawatengeni pano, zimachedwa.