Chotupa chofiirira kumwamba kwa m'kamwa: chonde musachiboole

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo. Akuti amuna awo ali ndi banga lofiirira ngati nthudza yakupsa kumwamba kwa m'kamwa. Patha miyezi iwiri, silipweteka, koma layamba kutukumuka ndipo limatuluka magazi akamakukuta chimanga chootcha. Akufunsa ngati angaliboole ndi singano kuti magazi oipa atuluke.

Mayi, chonde ayi. Zotupa zamtundu uwu zimakhala zodzaza ndi timitsempha ta magazi, ndipo zina mukaziboola magazi ake saleka msanga. Ngakhale ife ogwira ntchito za mano sitithamangira kudula kapena kuzula dzino loyandikana nacho tisanadziwe kuti n'chiyani.

Wodwala akakhala pampando, timatenga kagalasi koonekera n'kudinikiza pachotupacho. Chikayera, magazi n'kuthawa, kenaka n'kubwerera tikachotsa galasi, nthawi zambiri imakhala mitsempha imene inangopangika mopiringizana, mwinanso munthu anabadwa nayo. Timamveranso ndi chala ngati chikugunda ngati mtima; choterocho ndiye choopsa kuchicheka. Makanda amakhala ndi chawo chotchedwa hemangioma, chimene chimakula miyezi yoyambirira kenaka n'kumaphwa chokha mwana akamakula. Amayi oyembekezeranso amatuluka kachotupa kofiira pankhama, kosachedwa kukha magazi, koma si khansa.

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhani ya bambowa ndi malo ake. Banga lofiirira kumwamba kwa m'kamwa kwa munthu wamkulu, losayera likadinikizidwa, timayamba taganizira khansa ya Kaposi sarcoma. Imayamba ndi kachilombo ka HHV-8, kamene kanadziwika mu 1994, ndipo imapeza mpata chitetezo cha m'thupi chikatsika, makamaka ndi HIV. Kuno ku Malawi ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa abambo. Ena imawayambira m'kamwa isanaoneke pamiyendo, moti wa mano ndi amene amayamba kuiona.

Sindikunena kuti ndi imeneyo, chifukwa chotsimikizira ndi kanyama kochepa kamene madokotala amatapa n'kukayeza ku labu. Koma musadikire kuti chiyambe kupweteka. Pitani nawo sabata ino kuchipatala cha mano ku Queens, ndipo mukayezetse HIV nonse awiri. Kaposi akapezeka msanga, ma ARV, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala a khansa, amathandiza kwambiri.

Panopa adye zofewa, phala kapena nsima yosauma. Magazi akayamba, adinikize ndi kansalu koyera mphindi 10 osachotsachotsa. Akapanda kuleka, thamangirani kuchipatala ngakhale uli usiku.