Mpikisano woyamba wa powerlifting: musadzimane chakudya, phunzirani kumvera woyimbira

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina yemwe akukhala ku Johannesburg. Akuti wakhala akunyamula zitsulo kwa zaka ziwiri, ndipo walembetsa mpikisano wake woyamba wa powerlifting (masewera opikisana kunyamula zitsulo zolemera) womwe uchitike pakatha masabata 8. Pasikelo akulemera makilogalamu 86. Akufunsa zinthu ziwiri: kodi achepetse kudya kuti alowe m'gulu la anthu olemera osapitirira makilogalamu 83, nanga pa tsikulo ayambire pa zitsulo zolemera bwanji?

Achimwene, za kutsitsa thupizo ndikuyankhani mosazungulira: zisiyeni. Ngati mpikisanowo ukutsata malamulo a IPF, bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, magulu a amuna ndi 59, 66, 74, 83, 93, 105, 120 ndi opitirira 120. Inuyo mugwera mu 93, ndipo palibe chochititsa manyazi. Kumeneko munthu amakwera sikelo kutatsala maola awiri okha kuti mpikisano uyambe. Mukagona ndi njala, madzi osamwa, maola awiriwo sakwana kubweza mphamvu m'miyendo. Ulendo woyamba uli kale ndi mantha ake, musawonjezerepo chizungulire.

Funso lachiwiri ndilo lalikulu. Mudzanyamula squat (kunjuta ndi kudzuka zitsulo zili pamapewa), bench (kukankha zitsulo kuchokera pachifuwa mutagona chagada pabenchi) ndi deadlift (kunyamula zitsulo kuchokera pansi mpaka mutaimirira), chilichonse katatu, ndipo amaphatikiza nambala yaikulu yomwe mwakhoza pa chilichonse. Lamulo lomwe ongoyamba ambiri amalidziwa mochedwa ndi ili: mukalephera, simuloledwa kutsitsa zitsulo. Mubwereze zomwezo kapena muwonjezere. Mukalephera katatu konse pa squat, ndiye kuti mulibe chiwerengero chomaliza, ngakhale deadlift yanu ikhale yoopsa bwanji. Masabata onse aja, ndalama zolembetsera, za thiransipoti, zonse zalowa m'madzi.

N'chifukwa chake poyambira sankhani kulemera komwe mungakunyamule katatu motsatizana ngakhale pa tsiku loti simunagone bwino. Tiyerekeze kuti squat yanu yapamwamba ku jimu ndi makilogalamu 180. Yambirani pa 162.5 kapena 165. Kachiwiri pitani pa 172.5 kapena 175. Kachitatu ndi pomwe mungayesere 180 kapena 182.5, malinga ndi mmene zakachiwirizo zakwerera. Manambala amayenda ndi 2.5, ndipo mukatsika pabwalo muli ndi mphindi imodzi yokha yoti mupereke nambala yotsatira, choncho lembani zonse papepala muli kunyumba. Kuthamanga sikufika.

Komanso musadalire kwambiri manambala a ku jimu. Zitsulo zambiri za m'majimu sizilemera ndendende monga zalembedwera, ndipo enafe tinayambira pa zoumba ndi simenti kuseri kwa nyumba, zomwe kulemera kwake tinkangoyerekeza. Za pampikisano n'zoyezedwa bwino: ndodo ndi makilogalamu 20, zomangira ziwiri za m'mbali ndi 5 pamodzi, chitsulo chofiira ndi 25, chabuluu 20. Pezani jimu yomwe ili ndi zoterezi, mukayeseko ngakhale kawiri kokha.

Tsopano pamene pandikhudza kwambiri. Oyimbira amakhala atatu, mmodzi kutsogolo, awiri m'mbali. Aliyense amayatsa nyali yoyera kapena yofiira, ndipo mufunika zoyera ziwiri. Saona mphamvu zokha, amaonanso ngati mwamvera. Pa squat mumadikira mawu akuti “squat” musanatsike, ndi akuti “rack” musanabweze ndodo. Pa bench ndi atatu: “start”, “press”, “rack”. Pa deadlift mumayimirira nazo mpaka atanena “down”, ndipo mumatsika nazo zili m'manja, osaziponya. Ine pa mpikisano wanga woyamba ndinakankha bench bwinobwino, koma chifukwa cha chimwemwe ndinabweza ndodo woyimbira asanalankhule. Nyali zitatu zofiira. Zinandiwawa masiku ambiri, poti mphamvu zinalipo, chinasowa ndi khutu.

Ndiye kuyambira mawa, mnzanu azikuitanirani mawu amenewa nthawi iliyonse mukanyamula zolemera. Pa bench zolowerani kuimitsa ndodo pachifuwa mpaka itakhala bata. Nambala yanu itsika pang'ono, musadandaule, imeneyo ndiyo yeniyeni. Matako asachoke pabenchi, mapazi akhale pansi. Pa squat, pamene ntchafu yakumana ndi chiuno pazitsika kuposa pamwamba pa bondo. Ikani foni m'mbali, molingana ndi chiuno, mudzijambule. Anzathu a ku jimu amatikonda, amakuwa kuti “yafika!” pomwe sinafike. Foni ilibe chisoni chotero.

Za masabata 8 aja ndinena mwachidule. Anayi kapena asanu oyamba nyamulani zolemerako, kubwereza katatu mpaka kasanu. Kenako yambani kunyamula kamodzikamodzi, pafupi ndi manambala a papepala aja. Deadlift yolemera yomaliza ikhale patatsala masiku 10 mpaka 14, chifukwa msana umachedwa kuchira. Squat ndi bench zingayandikire pang'ono. Sabata yomaliza ndi yopepuka, kugona kwambiri, ndipo musayesere mphamvu zanu zonse ngakhale thupi likuyabwa.

M'chikwama muike singlet (chovala chothina cha pampikisano, cholumikiza malaya ndi kabudula), T-shirt, lamba wosapitirira masentimita 10 m'lifupi, ndi masokosi aatali ophimba msongolo pa deadlift. Afunseni okonza mpikisano mndandanda wa zovala zololedwa nthawi ikadalipo. Tsikulo limatalika, tengani chakudya chomwe mimba yanu ikuchidziwa: mpunga, nthochi, buledi, madzi ambiri. Ngati mumazolowera nsima usiku, idyani nsima yomweyo. Ufa ndi mapiritsi omwe amagulitsa m'makona a jimu muwapewe. IPF imatsata malamulo a WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, ndipo chomwe chapezeka mumkodzo mwanu mlandu wake ndi wanu, osati wa wogulitsa.

Musapite nokha. Pezani munthu woti azikuyang'anirani nthawi, kukuuzani poyambira kutenthetsa thupi, ndi kukaperekera manambala anu kutebulo. Akakuitanani mumakhala ndi mphindi imodzi yoti muyambe, ndipo mutu wanu usakhale pa zina.

Mukajambula squat ija sabata ino, nditumizireni pa imelo yomweyi, tione limodzi ngati ikufika.