Mukudikira galimoto ku Dar es Salaam? Kaoneni nyanja, kadyeni nsomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti mwezi wamawa akuperekeza amuna awo ku Dar es Salaam kukatenga galimoto padoko, ndipo amene akuwayendetsera mapepala wawauza kuti akonzekere kudikira masiku anayi kapena asanu. Funso lawo linali lakuti: masiku onsewo tikatani, tikaone chiyani, nanga tikadye kuti poti thumba lathu si lalikulu?

Amayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi chimene chimandipweteka mtima. Amalawi ambiri amene amapita ku Dar amaudziwa mzindawu mbali imodzi yokha: chipinda chogona ku Kariakoo, dera la msika waukulu, ofesi ya mapepala, chipinda chogona, ofesi. Amabwerako akudandaula kutentha ndi phokoso, nyanja yamchere ataiona pawindo la minibasi basi. Inu musatero. Mzindawu uli ndi anthu oposa 5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2022, ndipo moyo wake wonse unayang'ana kunyanja. Amene sanafike kumadzi sanafike ku Dar.

Tsiku loyamba dzukani kusanache, mukwere basi zazitali zija amati mwendokasi, zimene zili ndi msewu wawokha kuyambira 2016, mukatsikire kumapeto kwenikweni, pa Kivukoni. Pamenepo pali msika waukulu wa nsomba, eni ake amangoti Feri. Fikani isanakwane 7 koloko. Mudzapeza maboti akutsitsa nsomba zausiku, amayi atazungulira matebulo asimenti atanyamula ndowa, wogulitsa akukuwa mitengo, amene wapambana mtengo n'kukokera mulu wonse m'beseni. Ine ulendo woyamba ndinaima pafupi ndi mnyamata wina amene ankadula jodari, nsomba yotalika pafupifupi ngati mwana wa sitandade 1, mnofu wake wofiira ngati wa ng'ombe. Ife tinakulira chambo, usipa ndi kampango, choncho zinthu zina pamenepo zimadabwitsa. Pali pweza, chamoyo cha miyendo isanu ndi itatu chimene amachimenya pansi kuti chifewe. Pali ngisi, m'bale wake wa pweza, nkhanu zazikulu, ndi zina amati kamba. Mukamva kamba musaganize za fulu wakwathu, iwo akunena tinyama ta m'nyanja tofiirira tikapsa, tokoma kwambiri ndi mandimu.

Kutsidya kwa msewu kuli amayi ophika, ndi ziwaya zazikulu zili pamoto wa nkhuni. Mutha kugula nsomba yanu kumsika, n'kuwapatsa kuti akukazingireni pa kandalama kochepa. Sankhani changu kapena kolekole, ndi nsomba za mnofu woyera zimene pakamwa pa Mmalawi sizivuta. Valani nsapato zosaopa madzi, chifukwa pansi pamakhala ponyowa, ndipo foni muisunge mkati mwa chikwama. Komanso nyumba ya boma, Ikulu, ili pafupi pomwepo, musajambule mpanda wake.

Mukakhuta, kwerani pantoni yowolokera ku Kigamboni. Ndi mphindi zochepa chabe, mtengo wake ndi wa munthu wamba, koma mudzaona mzinda wonse kuchokera pamadzi, pamodzi ndi sitima zikuluzikulu zolowa padoko. Mwina ina mwa izo ndi imene inabweretsa galimoto lanu. Kutsidyako kuli magombe a mchenga woyera monga Kipepeo, ndipo bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, idzakufikitsani.

M'katikati mwa tawuni mungayende wapansi m'mawa umodzi. Mzindawu anauyamba ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, kenako Majeremani anausandutsa likulu lawo mu 1891. Matchalitchi awiri oyang'ana kudoko, Azania Front ya Lutheran ya denga lofiira ndi St Joseph ya Katolika, ndi a nthawi imeneyo. Ku National Museum, mumsewu wa Shaaban Robert, kuli mbiri ya mafupa a anthu akalekale a ku Olduvai Gorge ndi magalimoto amene ankayendera Mwalimu Julius Nyerere. Maola awiri akukwanirani.

Koma pamene ndikufuna muime ndi pa Askari Monument, chipilala cha msilikali wachikuda atagwira mfuti, pamphambano ya msewu wa Samora. Anachiika mu 1927 pokumbukira asilikali ndi onyamula katundu a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Onyamula katunduwo Angerezi ankawatcha Carrier Corps, ndipo dzina lakuti Kariakoo linachokera pamenepo. Agogo athu a ku Nyasaland anali m'nkhondo yomweyo, ena ngati asilikali a King's African Rifles (KAR) amene chipilala chawo chili ku Zomba, ambiri ngati atengatenga, kusenza katundu pamutu mpaka ena kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Nthawi zonse ndikamagula zitenje ku Kariakoo ndimakumbukira kuti dzina la msikawo ndi la anthu onga iwowo. Magalimoto amazungulira chipilalacho usana wonse, anthu osachiyang'ana n'komwe. Inu mukachiyang'ane.

Tsopano za chakudya, poti apa ndiye pagona funso lanu lenileni.

Musawope kuti mukasowa nsima. Iliko, amati ugali, kungoti ndi yolimba kuposa yathu ndipo amaiumba mtanda umodzi. Chakudya chamasana chotsika mtengo chili kwa amayi ophikira m'misasa, amene amawatcha mama ntilie kapena mama lishe: mpunga ndi nyemba zophikira mkaka wa kokonati, ndiwo zamasamba, kansomba pambali. Nyemba za kokonatizo mukazilawa mudzafuna kukaziyesa kunyumba. Lamulo langa ndi limodzi: idyani pamene pali mzera wa anthu ogwira ntchito, pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko, chakudya chikadali chamoto. Madzi akumwa gulani a m'botolo.

Lachisanu ndi tsiku la biriani. Anthu akatuluka kumzikiti masana, malo odyera a ku Kariakoo ndi Ilala amadzaza, ndipo mukachedwa mupeza miphika yapalidwa. Biriani amaphika mpunga pawokha, nyama ndi msuzi wake wokhuthala pawokha, pamene pilau zonse zimapsera mumphika umodzi. M'tawuni, malo amene ndimatengerako alendo ndi Chef's Pride, mumsewu wa Chagga. Si apamwamba, koma mbale imabwera yodzaza, ndipo mudzakhala pakati pa Aswahili, amwenye ndi alendo onse pamodzi. Madzulo dzuwa likalowa, pitani pa Mamboz Corner, pamene amatulutsa matebulo panja n'kuyatsa makala. Nkhuku yawo yootcha ya tsabola ndi mandimu ndi imene imandibweza ku Dar m'maloto.

Chipsi mayai ndi tchipisi cha pachiwaya chimene amachithira mazira awiri n'kuchitembenuza ngati chikondamoyo. Achinyamata amati zege. Chili pangodya iliyonse. Urojo ndi msuzi wowawasa wachikasu wokhala ndi mbatata ya kachewere, bajiya, dzira ndi tinyama, ena amaukonda pomwepo, ena ayi, koma mbale imodzi yesani. M'mawa kuli chapati, mandasi onunkhira zokometsera, ndi vitumbua. Dzinalo likufanana ndi zitumbuwa zathu koma izi ndi za ufa wa mpunga ndi kokonati, zofewa mkati ngati thonje.

Loweruka kapena Lamlungu madzulo, pitani ku Coco Beach, dera la Oyster Bay. Kumeneko ndi kumene mabanja a mu Dar amakapitidwa mphepo. Chakudya chake ndi chinangwa chokazinga, amati mihogo. Amachilenga pakati, n'kuthiramo mchere wosakaniza ndi tsabola, kufinyira ndimu, pambali kachumbari wa tomato ndi anyezi ndi timitengo ta nyama yootcha totchedwa mishkaki. Kenako mnyamata amabwera ndi kokonati wamuwisi, dafu, amasenga pamwamba ndi mpeni katatu, mukamwa madziwo amakupalirani mnofu wake wofewa ndi kachikhokho komweko. Ine ndinakhala pampando wapulasitiki pamenepo, mphepo yamchere ikuwomba, ndikudya chinangwa chonga cha ku Nkhata Bay, mtima unakhala pansi koyamba chifikireni. Funsani mtengo musanadye, ndipo kukada musayende nokha kumchenga kopanda anthu.

Ngati bambo akufuna kukusangalatsani usiku umodzi, malo odyera a Karambezi ku Sea Cliff kapena Cape Town Fish Market ku Msasani ali pamadzi penipeni. Ndi okwera mtengo, mbale imodzi ingakudyetseni masiku awiri kwa mama ntilie. Pa Slipway pamanyamuka boti lopita kuchilumba cha Bongoyo, kumene madzi ndi oyera mbee ndipo amaotcha nsomba pagombe. Zogula zokumbukira ulendo zili ku Mwenge, kumene Amakonde amasema ziboliboli za mtengo wa phingo inu mukuona, ndi ku Tingatinga ku Oyster Bay kwa zojambula za mitundu yowala. Nenererani, mtengo woyamba si weniweni.

Za Zanzibar ambiri amafunsa. Boti limatenga pafupifupi maola awiri, pamafunika pasipoti, ndipo mlendo amalipira zambiri kuposa nzika. Pa ulendo wodikira foni ya kudoko sindikulangizani, galimoto likhoza kutuluka inu muli kutsidya. Bwino Bagamoyo, ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo pamsewu. Kumeneko ndi kumene Susi ndi Chuma, amene ankayenda ndi David Livingstone, anafikitsa mtembo wake mu 1874, atausenza kuchokera kwa Chitambo ku Zambia, ndipo kumishoni ya Akatolika mbiri ya ukapolo anaisunga bwino.

Chimodzi chimene chimasokoneza Amalawi ambiri ndi nthawi. Choyamba, Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Chachiwiri, m'Chiswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, choncho saa moja ndi 7 koloko, saa nne ndi 10 koloko, saa sita ndi 12 koloko. Wa mapepala akakuuzani kuti mukumane saa tatu, akunena 9 koloko m'mawa, osati 3 koloko masana. Akuluakulu apatseni moni wa shikamoo, ndipo pogula kanthu yambani ndi naomba, kutanthauza ndikupempha, mudzaona nkhope zikumasuka.

Galimoto likatuluka, nyamukani m'bandakucha kuti mudutse ku Mikumi kukuwala. Msewu wopita ku Mbeya ndi ku Songwe umadutsa m'kati mwa nkhalango yosungira nyamayo, ndipo kawirikawiri akadyamsonga, mbidzi ndi njovu zimaoneka m'mbali mwa msewu. Bambo ayendetse pang'onopang'ono pamenepo, inu maso pawindo.