Mafunso ndi Mayankho: Mitengo Imene Ophunzira Tinabzala ku Salima Yaumiranji?

FUNSO

Alangizi, ine ndine mtsikana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza ku Salima, ndipo ndili m'chaka chachitatu pa yunivesite ina ku Lilongwe, kumene ndine mlembi wa kalabu yoona zachilengedwe. Kumapeto kwa Febuluwale chaka chatha ndinakopa anzanga kuti tikabzale mitengo pa sukulu ya pulayimale imene ndinaphunzirapo. Tinasonkherana ndalama ya basi, tinagula mbande 400 mumzinda, ndipo tsikulo linakoma kwambiri, pakuti ana anaimba, aphunzitsi aakulu analankhula, ifenso tinajambulitsa zithunzi n'kuziika pa Facebook. Nditapita kumudzi mu Okutobala ndinapeza mitengo yamoyo 23 yokha. Ina inadyedwa ndi mbuzi, ina chiswe, ndipo yambiri inangouma chiimire. Anzanga akufuna tibwererenso chaka chino ndi mbande zochuluka kuposa zija, koma ine ndikuchita manyazi kukaonekeranso pamaso pa makolo. Kodi tinalakwitsa pati, ndipo tichitenji?

Wophunzira wodandaula, Salima

YANKHO

Mwana wanga, ndayamba ndi kukuyamikirani chifukwa munabwerera kukawerenga mitengoyo. Nambala ya 23 ikukuwawani, koma ndi nambala yoona, ndipo ndi imene kalabu yanu iyenera kulemba mu lipoti lake m'malo mwa 400 ija. Musabwerere kumudzi ndi mbande zochuluka kuposa zija. Bwererani ndi zochepa, pa nthawi yake, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake musanaukwirire.

Nkhani ya nthawi ndi yosavuta. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma masiku amenewa ndi a dziko lonse, ndipo sakutanthauza kuti tsiku lililonse m'katimo ndi labwino kulikonse. Salima ndi dera lotsika ndiponso lotentha, ndipo malo ambiri oyandikira nyanja ndi amchenga, osasunga chinyezi. Mbande yobzalidwa kumapeto kwa Febuluwale imalandira mvula ya milungu yochepa chabe, kenako imakumana ndi miyezi isanu ndi iwiri ya chilimwe mizu yake isanalowe pansi. Nthawi yabwino kwanuko ndi kumapeto kwa Disembala kufikira pakati pa Januwale, nthaka itakhuta mvula. Komanso mbande zanu zinayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe, zikugwedezeka m'machubu ndi kuwombedwa ndi mphepo, kuchoka kumalo kozizirirako n'kukafikira padzuwa la kunyanja tsiku lomwelo. Zambiri zinafika zitafooka kale.

Koma chimene chinapha mitengo yambiri, monga ndikuonera ine, ndi chakuti inalibe mwini. Inu munakwera basi madzulo a tsikulo. Ana anatsekera sukulu, aphunzitsi ali ndi ntchito zawo, ndipo anthu atangokolola anamasula mbuzi zawo monga amachitira chaka chilichonse. Mbuziyo sinalakwe, ndipo mwini mbuzi sanaone chifukwa choimangirira, popeza palibe amene anamufunsa maganizo mitengoyo isanabwere. Kwa iye inali mitengo ya ana a ku yunivesite. Pamudzi pali anthu amene ntchito imeneyi ndi yawo kale: nyakwawa ndi gulupu, komiti ya sukulu, komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe imene lamulo la zankhalango la 1997 limaizindikira, ndiponso mlangizi wa zankhalango wa m'deralo. Mukanayambira kwa amenewa, akanakuuzani malo oyenera, mitundu imene anthu akuifuna, ndipo mfumu ikanalamula za mbuzi pabwalo, pamaso pa onse.

Simukusowa kupita kutali kuti muone mphamvu ya lamulo lochokera kwa eni dera. M'boma lanu lomwelo muli chilumba cha Mbenji, chimene Mfumu Yaikulu Makanjira ndi anthu ake akhala akuchitseka chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira Disembala kufikira Epulo asodzi amachoka pachilumbapo kuti nsomba ziswane, ndipo amabwerera pokhapokha mwambo wotsegulira utachitika. Dongosolo limeneli lakhalitsa chifukwa oliphwanya amaweruzidwa ndi anthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku. Ndikanakonda ophunzira a zachilengedwe akanamapita kumeneko kukamvetsera asanayambe kuphunzitsa ena.

Tsopano za mitundu ya mitengo. Simunanene imene munagula, koma mbande zogula mofulumira mumzinda nthawi zambiri zimakhala zimene wogulitsa ali nazo, osati zimene nthaka ya kwanu ikufuna. Yang'anani mitengo imene yakula yokha m'minda ya kwa Khombedza. Mudzaona nsangu, umene umayoyola masamba m'nyengo ya mvula, kotero kuti chimanga chimakula bwino pansi pake, ndipo nyemba zake zimadyetsa ziweto m'chilimwe. Mthethe ndi kesha zimapirira dzuwa ndipo zimapereka nkhuni msanga. Pabwalo la sukulu ikanipo mango ndi mitengo ina yazipatso, chifukwa mwana amene akuyembekezera kudzadya chipatso satopa kutsirira. Bulugama musamuike pafupi ndi mjigo kapena m'mbali mwa dimba, pakuti amamwa madzi ambiri.

Palinso njira ina imene ophunzira ambiri amainyalanyaza chifukwa siioneka bwino pachithunzi, ndiyo kusamalira mphukira. Tsiku lina ndili kufupi ndi Chipoka, mayi wina wachikulire ananditengera m'munda mwake n'kundionetsa chitsa chakuda ndi moto, chimene chinali chitaphukira timitengo tokwana khumi. Anagwada, nasankha tiwiri towongoka, n'kudula tina tonse ndi chikwanje chakuthwa, akudulira chokweza kuti khungwa lisang'ambike. Pa tiwiri totsalato anamangapo kansanza kofiira kuti ana ofuna nkhuni adziwe kuti pali mwini. Kenako anandilozera mitengo ina yoposa denga la nyumba yake, imene anailera mwa njira yomweyo. Chitsa chili ndi mizu yozama kale, choncho mphukira yake siisowa kheni ngakhale mu Okutobala. Pamene dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika chaka cha 2030, njira imeneyi inali m'gulu la zodaliridwa, ndipo kalabu yanu ikhoza kuiphunzira tsiku limodzi lokha kwa alimi oidziwa.

Ndikanakhala inu, ndikanauza anzanga kuti ndalama ya mbande 400 igawidwe pa maulendo anayi. Mu Ogasiti mupite anthu ochepa kukakhala pansi ndi mafumu ndi komiti ya sukulu, ndi kuyambitsa nazale pasukulu pomwepo pafupi ndi mjigo, kuti ana adzaze okha machubu ndi kufesa njere zotola m'deralo. Mayenje akumbidwe mvula isanayambe, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owolerana, ndipo pobzala chubu chichotsedwe, chifukwa ndaonapo mbande zokwiriridwa ndi pulasitiki yake yomwe. Mitengo 80 ndi yokwanira poyambira, uliwonse ndi dzina la mwana kapena banja louyang'anira. Ulendo wofunika koposa ndi wa mu Meyi, anthu akamakolola, wokamanga timipanda ta minga kapena bango kuzungulira mtengo uliwonse, kuphimbira patsinde ndi udzu wosakhudza khungwa poopa chiswe, ndi kulambula m'mbali kuti moto wolusa usafike. Mu Okutobala mudzapite kukawerenga monga munachitira, koma ulendo uno muwerengere limodzi ndi anawo.

Za manyazi, pitani kwa aphunzitsi aakulu ndi kwa amfumu mukanene mosabisa kuti munabwera mothamanga ndipo mukufuna kuyambiranso motsogozedwa ndi iwo. Ndinu mwana wa pamudzipo, ndipo akuluakulu sabweza mwana wobwera kudzafunsa nzeru. Mitengo 23 ija muisamale kwambiri, ndipo muone kuti ndi ya mtundu wanji ndipo ili pati, chifukwa ikuuzani zimene zimagwira panthaka imeneyo.

FUNSO

Alangizi, ndine mlimi wa mpunga kufupi ndi Chia ku Nkhotakota, ndipo ndimagulitsa zokolola zanga kuti mwana wanga wamwamuna aphunzire ku yunivesite. Ndamva kuti Loweruka lililonse amakhala ali kotola zinyalala, kophunzitsa amayi kuumba mbaula, kapena koyendera makalabu a ana m'masukulu, ndipo salandirapo kanthu. Pa tchuti chapitachi anatha milungu iwiri akuchita zomwezo m'malo mondithandiza kumunda. Kodi ntchito yaulere imeneyi siimusokoneza maphunziro? Ine ndinamutumiza kukatenga digiri.

Kholo, Nkhotakota

YANKHO

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo muli ndi ufulu wonse wofunsa, popeza thukuta la fizi ndi lanu. Chinthu choyamba, mupempheni akuonetseni zotsatira za mayeso ake. Ngati zikutsika, muuzeni achepetse, pakuti kalabu siingalowe m'malo mwa kalasi. Koma ngati akukhoza bwino, ndikupemphani kuti musamuletse.

Achinyamata ambiri akutuluka m'mayunivesite ndi mapepala ofanana, ndipo olemba ntchito amafunsa chimene munthu anachitapo ndi manja ake. Mnyamata amene anaimapo pamaso pa nyakwawa kupempha malo, anasungapo ndalama za gulu n'kuzifotokoza bwino, ndiponso analembapo lipoti, amakhala ndi choyankha. Muuzeni azisunga makalata a umboni ochokera kwa amene wagwira nawo ntchito. Mbaula ya Chitetezo imene akuphunzitsayo ndi yadothi, imatha nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, ndipo imachepetsa utsi umene amayi amapuma pophika. Makalabu a ana m'masukulu nawonso si achilendo. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri.

Komanso ntchito zimenezi zili pakhomo panu. Kuyambira 2015 nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 kunabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Malo otere amafuna anthu ophunzira amene amadziwanso kulankhula ndi midzi yozungulira. Mtsinje wa Bua, umene nsomba ya mpasa imakwera kukaswana, ndi thamanda la Chia limene mumalidalira, zonse zimaonongeka mitengo ya kumtunda ikatha ndipo dothi likakokolokera m'madzi.

Pamene ndikugwirizana nanu kwathunthu ndi pa nkhani ya kumunda. Mwana amene akuthandiza midzi ya eni pamene bambo wake akuwerama yekha mumpunga sanaganize bwino. Khalani naye pansi mugawane masiku a tchuti, ndipo mumuuze kuti zimene akuphunzitsa kwina ayambe kuzionetsa pakhomo: aumbe mbaula ya amayi ake, ndipo akonze manyowa a munda wanu.

FUNSO

Alangizi, ndife ophunzira a pa koleji ina ku Salima, ndipo tikukonza zokatola zinyalala pagombe la Senga Bay pa 5 Juni, tsiku lokumbukira zachilengedwe pa dziko lonse. Ena mwa ife akuti majumbo ndi mabotolo amene titole tidzawaunjike n'kuwatentha pomwepo. Kodi n'koyenera?

Ophunzira, Senga Bay

YANKHO

Ayi, ana anga, musatenthe. Utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni, ndipo mwera wa mu Juni udzaukankhira kunyumba za anthu ndi pa mathandala oyanikapo usipa. Tsikulo lisanafike, kaonaneni ndi ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma la Salima kuti mugwirizane kumene zinyalalazo zidzapite ndi galimoto yodzazinyamula. Kaonaneninso ndi komiti ya pagombe ya asodzi, chifukwa doko ndi malo awo a ntchito ndipo ndiwo adzatsale nalo inu mutachoka. Potola muzipatula: mabotolo abwino ali ndi owagula, zowola zikhoza kupita kudzenje la manyowa, ndipo magalasi osweka ndi mbedza zikhale m'thumba lapadera.

Pamene mukucheza ndi ogulitsa malonda, akumbutseni mwaulemu kuti mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki) analetsedwa ndi malamulo a 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019. Musawaopseze, pakuti inu si apolisi. Aonetseni madengu ndi zikwama zansalu zimene ogula angamabwere nazo. Aliyense wotola avale magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo asalowe m'madzi odikha a m'mabango, momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Mutenge madzi akumwa m'zigubu zanu, ndiponso sopo wosambira m'manja musanadye.