Tilipirirenji nkhalango pamene bilu ya madzi tikulipira kale?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti m'mayiko ena anthu a m'tauni amalipira alimi a kumapiri kuti asamalire mitsinje, ndiye akufunsa: "Mvula ndi ya Mulungu, bilu tikulipira mwezi ndi mwezi, nanga ndalama inayi ndi yachiyani?"

Mayi, ndalamayo mukuilipira kale, kungoti mukuilipirira kumunsi. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukalithira m'damu. Damu limakwiririka, ndipo a bodi ya madzi amagula mankhwala ochuluka kuti matopewo asanduke madzi akumwa. Zonsezo zimathera pa bilu yanu.

A mumzinda wa New York ku America anaziwerengera bwino zimenezi. Pafupifupi 90 peresenti ya madzi awo imachokera kumapiri a Catskill ndi kumtunda kwa mtsinje wa Delaware. Lamulo linkafuna kuti amange fakitale yosefera madziwo, ya madola osachepera 6 biliyoni, osawerengera zoyendetsera chaka ndi chaka. M'malo mwake, mu 1997 mzindawu unasainirana mgwirizano ndi anthu akumtundako. Unayamba kugula malo kwa okhawo ofuna kugulitsa, kukonza zimbudzi zodontha, ndi kulipirira alimi mipanda yoti ng'ombe zisamaponde m'mitsinje ndiponso malo osungira ndowe. Mpaka lero madzi amenewo sasefedwa, amangophedwa tizilombo. Koma madzi ena a mzindawu, ochokera kudera la Croton, kumene nyumba zinali zitadzaza kale, anafunika fakitale, ndipo inatsegulidwa mu 2015. Mukachedwa, zimatero.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti alimiwo sanakakamizidwe ndi mfuti. Ankakayikira anthu a mumzinda, ndipo anavomera ataona kuti mapulani a pafamu akonza nawo okha, ndalama n'kuchokera kumzinda.

Kwathu kuno mtsinje wa Lilongwe umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, n'kudzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Makala ambiri ochokera m'nkhalangoyo amapsa pa mbaula za ife tomwe a m'tauni. Kunatumizidwa asilikali kukalondera, koma msilikali sadyetsa banja la wowotcha makala. Ine ndingavomere kakwacha kowonjezera pa bilu ngati katafikadi kwa anthu a m'midzi yozungulira Dzalanyama, ndipo a bodi n'kumatiwerengera poyera chaka chilichonse kuti kagwira ntchito yanji.