Ndigule Kamera Iti Yoyambira, Nanga Malenzi Angati?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mphunzitsi wa ku Kasungu, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikujambula ndi foni pa zinkhoswe, pa maukwati a achibale ndi pa zochitika za kutchalitchi kwathu. Zithunzi za panja zimatuluka bwino, koma za m'tchalitchi ndi za madzulo zimaoneka ngati mwagwa nkhungu. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg wavomera kundigulira kamera ya DSLR (yosintha malenzi, yokhala ndi kagalasi m'kati) yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wapeza ziwiri, Canon EOS 2000D ndi Nikon D3500. Wogulitsa Canon akuti awonjezerapo lenzi yayitali ya 75-300mm pa mtengo wabwino. Ndisankhe iti?

YANKHO: Aphunzitsi, makamera awiriwa ndi a msinkhu umodzi. Onse anatuluka m'chaka cha 2018, onse ali ndi ma megapixel 24, ndipo onse ali ndi sensa (kachipangizo ka m'kati kolandira kuwala n'kupanga chithunzi) ya mtundu wa APS-C, yomwe ndi yaikulu kangapo poyerekeza ndi kasensa ka m'foni yanu. Chithunzi cha mkwatibwi chikatsukidwa n'kupachikidwa pakhoma, palibe mlendo amene angadziwe ngati chinachokera ku Canon kapena ku Nikon. Kusiyana komwe mudzakuone msanga ndi kwa batire, pakuti la D3500 limatha kujambula zithunzi pafupifupi 1,500 lisanathe moto, pomwe la 2000D limathera pa zithunzi pafupifupi 500. Kwa munthu amene amajambula ukwati kumudzi kopanda magetsi, kuyambira pa kuvala kwa mkwatibwi m'mawa mpaka pa perekaniperekani madzulo, nkhani imeneyi si yaing'ono. Musanatumize ndalama, funsaninso anzanu ojambula a pafupi nanu kuti ali ndi mtundu uti, chifukwa lenzi ya Canon silowa pa Nikon, ndipo tsiku lina mudzafuna wokubwerekani lenzi kapena chaja.

Koma vuto limene mwatchula, la zithunzi za m'tchalitchi, limathetsedwa ndi lenzi kuposa kamera yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse. M'kati mwa lenzi iliyonse muli kabowo kolowera kuwala, ndipo kukula kwake kumalembedwa ndi chilembo cha f chotsatana ndi nambala. Nambalayo ikakhala yaing'ono ndiye kuti kabowoko ndi kakakulu. Lenzi ya 18-55mm, imene imabwera limodzi ndi makamera onse awiriwa, imayambira pa f/3.5, koma mukakokera munthu pafupi mpaka pa 55mm imatsekeka kufika pa f/5.6. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. M'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono, abusa akamaveketsa mphete, kabowo kakakulu kameneka ndi kamene kamachititsa kuti zala za akwati zioneke bwinobwino m'malo mosanduka chizimezime, komanso kuti anthu okhala kumbuyo asachulukire m'chithunzi ndi kulanda maso a wochiona.

Pa Nikon, lenzi yoti mufunefune ndi AF-S DX 35mm f/1.8G. Pa Canon, yotchipa ndi yodalirika ndi EF 50mm f/1.8 STM, ngakhale kuti pa 2000D imaona mopanikiza ngati ya 80mm, moti m'chipinda chaching'ono mudzabwerera m'mbuyo mpaka msana kugunda khoma musanakwanitse kulowetsa banja lonse. Pa nkhope ya munthu mmodzi kapena awiri ndi yabwino kwambiri. Malenzi awiriwa sakoka chinthu pafupi, choncho mumayenda nokha kupita pamene pali chithunzi, ndipo ine ndimaona kuti kuyendako ndi kumene kumaphunzitsa woyamba kumene kusankha poima.

Mlamu wanu achenjere ndi chinthu chimodzi. Kamera ya D3500 ilibe kamakina kozungulitsa lenzi kuti ilunjike yokha, motero imafuna malenzi olembedwa AF-S kapena AF-P, omwe ali ndi kamakina kawokawo. Lenzi yakale ya AF 50mm f/1.8D imagulitsidwa motchipa ndipo imalowa bwinobwino, koma mudzayenera kuilunjikitsa ndi dzanja pa chithunzi chilichonse.

Lenzi ya 75-300mm ija isiyeni. Imakopa chifukwa cha kutalika kwake, komatu ilibe chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke dzanja likanjenjemera, ndipo imafuna dzuwa lowala bwino. Mukadzafuna kujambula mpira kusukulu kwanu kapena njovu ku Kasungu National Park, mudzasunge ndalama za EF-S 55-250mm IS STM ngati muli ndi Canon, kapena AF-P DX 70-300mm VR ngati muli ndi Nikon.

Popeza kamera ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, alamu anu asangoiyang'ana kunja. Afunse kuti yajambula kangati, pakuti kachitseko ka m'kati kotchedwa shutter kamatha ngati matayala a galimoto, ndipo pa makamera oyambira ngati amenewa kamayembekezeka kugwira ntchito maulendo pafupifupi 100,000. Achotse lenzi, aunike m'kati mwake ndi tochi ya foni, ndipo akaona timizere tooneka ngati ulusi wa kangaude adziwe kuti yachita chuku, asaigule. Ajambulenso khoma loyera pa f/22 kuti aone ngati pa sensa pali madontho. Akasankha Canon, ayang'ane pamwamba poikapo flash, chifukwa ma 2000D ena anapangidwa opanda kachitsulo kapakati, ndipo ma flash ambiri otchipa a makampani ena sayaka pamenepo.

Mwina ena akuuzani kuti DSLR yatha fasho. Zoona zake n'zakuti kuyambira 2018 Canon ndi Nikon anaika mtima pa makamera opanda kagalasi ka m'kati, a mtundu wa RF ndi Z, ndipo anthu ambiri akugulitsa akale awo, zomwe zikukomera ogula ngati inu. Malenzi amene ndatchulawa amagwiranso ntchito pa makamera atsopanowo mukaikapo cholumikizira.

Ndikanakhala inu, ndikanatenga D3500 ndi 18-55mm yake, n'kuwonjezera 35mm f/1.8G, batire lachiwiri ndi ma memory card awiri, kuti lina likavuta pakati pa mwambo mukhale ndi pothawira. Katunduyo akafika, musamusunge m'chikwama chotseka nyengo yonse ya mvula, koma m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, ndipo m'miyezi ya fumbi muzisinthira lenzi m'nyumba, kamera itayang'ana pansi. Lamulungu lisanafike tsiku la ukwati woyamba, pitani nayo kutchalitchi, muike pa chilembo cha A, pomwe mumasankha nokha kukula kwa kabowo, mutsegule pa f/1.8, muyeserere pa kwaya.