Kwa achimwene ofunsa za kamera ya maukwati ndi makwaya

Achimwene, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene anzathu alemba kale. Mwati muli ndi Canon 700D imene mumajambulira zithunzi pa kitchen party ndi pa maukwati muno mu Chipata, koma tsopano makasitomala ayamba kufunsa vidiyo, makwaya nawonso akufuna nyimbo zawo zizioneka bwino pa Facebook ndi YouTube. Ndiye mukufuna kudziwa kuti mugule iti pakati pa Sony a6400, Sony a7 III yogwirapo kale ntchito, Panasonic GH5 ndi Blackmagic Pocket 4K, poti mukufunanso kuphunzira colour grading, kukonza mitundu ya vidiyo pa kompyuta.

Ambiri akutchulirani dzina la kamera basi. Ine pempho langa ndi lakuti kamera isadye ndalama zonse. Ngati mutagula kamera simutsala ndi ya lenzi yabwino, maiki, mabatire, makadi ndi laputopu yotha kunyamula mafayilowo, ndiye kuti kamerayo yakukulirani, tsikani mutenge yotsika mtengo. Ntchito zambiri zimene ndimaona zitaipa kuno kwathu vuto silikhala kamera. Mawu a abusa samveka, nkhope ya mkwati yada bii, kapena batire inatha pa nthawi yovekana mphete.

Blackmagic ndiichotse msanga. Chithunzi chake ndi chokongola, mafayilo ake a BRAW amalola kukonza mitundu mmene mufunira, ndipo ikakhala yatsopano imabwera ndi pulogalamu yokonzera vidiyo ya DaVinci Resolve Studio. Koma siitsatira munthu ndi focus akamayenda, ilibe chochepetsa kugwedera, batire yake sifika ndi ola limodzi lomwe, ndipo zithunzi wamba zimene mumadyerapo inu siizitha bwino. Imeneyo ndi ya anthu ojambula ali gulu, wina pa focus, wina pa magetsi. Inu pa ukwati mumakhala nokha.

GH5 inatuluka mu 2017, ndipo pa zinayi mwatchulazi ndi yokhayo yojambula 10-bit (mafayilo osunga mitundu yambiri, ndifotokoza pansipa) imene muthanso kujambulira zithunzi bwinobwino. Ili ndi malo a makadi awiri, sidula vidiyo pa mphindi 30, ndipo imagwira bwino kugwedera mukajambula chapamanja. Pofooka pake ndi pawiri. Sensa yake ndi yaing'ono, choncho m'holo ya mdima madzulo chithunzi chimayamba kuchita timadontho msanga, komanso autofocus yake imasakasaka, nkhope imalowa ndi kutuluka. Pa kwaya zimenezi sizivuta, chifukwa oimba amaima pamene mwawaimika, nthawi mumasankha nokha, focus mumaika ndi dzanja. Ngati mtima wanu uli pa makwaya ndi grading, GH5 ndi sukulu yabwino. Ingofunsani wogulitsayo ngati V-Log L, kajambulidwe kake ka log kopangira grading, ilimo kale, chifukwa pa kamera imeneyi imagulidwa payokha.

Koma ngati chakudya chanu chichokera ku maukwati, zithunzi ndi vidiyo tsiku limodzi, ine ndingatenge a7 III. Ndi ya 2018, sensa yake ndi yaikulu, full frame ya 24 megapixel, mumdima imapirira kuposa zinzakezi, ili ndi pobaya mahedifoni, ndipo batire yake ya NP-FZ100 imakhalitsa. Chachikulu kwa ine ndi chakuti nayonso ili ndi malo a makadi awiri: mumaiuza kuti izilemba pa onse awiri nthawi imodzi. Ukwati subwerezedwa, kadi ikafa ndiye kuti mwataya tsiku la anthu. Dziwani chabe kuti imaima yokha ikatsala pang'ono kukwanitsa mphindi 30, ndiye pa ulaliki muzikumbukira kudinanso, ndipo malenzi a full frame ndi okwera mtengo. Apa ndi pamene a6400 imalowera. Autofocus yake ndi yakuthwa, ilibe malire a mphindi 30 aja, malenzi ake ndi otsikirapo. Ilibe chochepetsa kugwedera m'kati mwake, ilibe pobaya mahedifoni, kadi ndi imodzi, ndipo kabatire kake ka NP-FW50 kamafuna mukhale ndi tinzake tingapo m'thumba. Komabe a6400 yokhala ndi Tamron 17-70mm f/2.8 kapena Sigma 18-50mm f/2.8 idzakupatsani ntchito yabwino kuposa a7 III yokhala ndi lenzi yofooka ya m'bokosi.

Simunaitchule, koma poti muli kale ku Canon, onaninso Canon R7 ya 2022. Ndi adaputala ya Canon yomweyo malenzi anu akale amagwira bwino ndi autofocus yomwe, ili ndi makadi awiri, 10-bit ndi C-Log3. Malenzi a Canon pa Sony amatheka ndi adaputala, koma pa vidiyo focus imachedwa.

Tsopano za grading, chifukwa apa ndi pamene anthu akusocheretsana m'gulu muno. Fayilo ya 8-bit imasunga masitepe 256 pa mtundu uliwonse mwa itatu ija, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu. Ya 10-bit imasunga 1,024. Ma Sony awiri mwatchulawa onse ndi 8-bit, ngakhale mu menyu muli S-Log2 ndi S-Log3. Log imafinya kuwala konse, kuyambira mumthunzi mpaka kumtambo, n'kupereka chithunzi chotuwa choti mukachitambasule pa kompyuta. Mukatambasula cha 8-bit masitepe aja amachepa: kumwamba kumaoneka mizeremizere, pa masaya pamatuluka mabala obiriwira ndi apinki. Ndiponso S-Log pa a7 III imayambira pa ISO 800, ndipo mukaipatsa kuwala kochepa mbali zakuda zimadzaza timadontho. Mbali zakudazo pa ntchito yathu ndi nkhope za anthu athu. Ndiye pa kamera ya 8-bit musathamangire S-Log3. Jambulani ndi profile wamba kapena Cine, chepetsani contrast pang'ono, mitundu muikonzeretu pa malo pomwepo, pa kompyuta mukangosalaza.

Nkhani ya khungu ndiimepo pang'ono, chifukwa maphunziro ambiri a pa YouTube amaonetsera pa anthu a khungu loyera. Tayerekezani mwatuluka m'tchalitchi 12 koloko, dzuwa lili pa liwombo, mkwatibwi wavala diresi loyera mbee, mkwati suti yakuda. Kamera mukaisiya pa auto imaona kuyera kwa diresi n'kutseka kuwala, nkhope zonse ziwiri n'kuda, maso n'kulowa mumthunzi. Mukatsegulira nkhope, diresi limapsa, maluwa osokedwa aja osaonekanso. Palibe LUT, fayilo ya mitundu yokonzedweratu, yokonza zimenezo. Asuntheni anthuwo, dzuwa likhale kumbuyo kwawo kapena aime pa khonde, wina agwire reflector chapansi kuti kuwala kubwerere kumaso. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi wabwino, koma masamba amapaka khungu ubiriwiri, ndiye ikani white balance ndi pepala loyera pomwepo pamene aima. Chimodzimodzi m'tenti ya mtundu. Panja masana yambirani pa 5600K, ndipo auto white balance muisiye, chifukwa imasintha pakati pa shoti ndipo kufananitsa pambuyo pake ndi ntchito yowawa. Zebra ndi timizere timene kamera imaonetsa pa malo amene afika pa mlingo wa kuwala umene mwaika, ndipo ya 70 imene ambiri amaphunzitsa kuti ndi ya nkhope ndi ya khungu loyera. Lathu limakhala pansi pa pamenepo, ndipo mukalikokera pa 70 munthu amatuwa, abale ake amayamba kufunsa ngati anadwala. Zebra muziigwiritsa ntchito poteteza diresi.

Mu DaVinci Resolve yambani ndi kuwala poyang'ana waveform (chojambula choonetsa kuchuluka kwa kuwala), kenaka white balance, kenaka contrast ndi saturation, kukometsera kubwere pomaliza. Pa vectorscope, chojambula choonetsa mitundu, pali kamzere ka khungu. Munthu akhale wakuda kapena woyera, khungu lake limagwera pafupi ndi kamzere komweko, chimasiyana ndi kuwala kwake chabe. Zungulizani tsaya lokha ndi window, muone pamene lagwera. Ngati mwajambula log, itembenuzeni kaye kupita ku Rec.709, mitundu wamba ya pa TV, ndi Color Space Transform musanaike china chilichonse. Ma LUT otsitsa pa intaneti a teal and orange aja amasandutsa khungu lakuda kukhala la phulusa kapena lofiira mopitirira, ndipo chitenje cha banja chimene anasankha mosamala chimasintha mtundu. Amayi a mkwatibwi chitenje chawo amachidziwa, adzakufunsani.

Resolve yaulere ndi yokwanira kuphunzirira, koma pa Windows kawirikawiri imakana mafayilo a 10-bit 4:2:2 ngati a GH5 pokhapokha muwatembenuze kaye, ndipo chochotsera timadontho chenicheni chili mu Studio yolipira. Laputopu ikhale ndi RAM yosachepera 16GB, SSD ndi graphics card yakeyake. Ikamakoka, pangani ma proxy, timakope topepuka ta mafayilowo. Vidiyo ya 4K pa 100 Mbps imadya pafupifupi 45GB pa ola, ndiye werengerani nokha ukwati wa tsiku lonse, ndipo mafayilo azikhala pa ma drive awiri mpaka ntchito itaperekedwa. Kunena zoona makasitomala athu ambiri amaonera pa foni, WhatsApp itafinya kale, choncho 1080p yojambulidwa bwino imakwana. Makadi gulani a V30 kwa wogulitsa wodalirika, abodza achuluka.

Kanthu kena kamene kamaononga ntchito zambiri: magetsi athu ndi a 50Hz. Kamera yochokera ku America kapena kwina imabwera ili pa NTSC, ndipo pansi pa machubu ndi mababu a LED a m'matchalitchi chithunzi chimaphethira, mizere ikuyenda. Isintheni ikhale pa PAL, 25fps ndi shutter 1/50, ndipo pa slow motion 50fps ndi 1/100. Shutter ya 1/50 panja masana imalowetsa kuwala kochuluka kwambiri, n'chifukwa chake variable ND, galasi lochepetsa kuwala loika kutsogolo kwa lenzi, ndi yofunika kuposa gimbal yochepetsa kugwedera. Gulani imodzi yaikulu ndi timphete toikwanitsira pa malenzi onse.

Mawu ndiwo theka la vidiyo. Maiki ya pa kamera imatola mphepo, ana ndi phokoso la jenereta. Pezani maiki yopanda waya ngati Rode Wireless GO II kapena DJI Mic, muipane pa jekete la mkwati, idzatola malumbiro a onse awiri ndi mawu a abusa omwe. Onjezani rekoda yaing'ono ngati Zoom H1n yoti mulumikize ku mixer ya tchalitchi, mutapempha kwa woyang'anira zokuzira mawu, ndipo mvetserani ndi mahedifoni mwambo usanayambe. Kwaya ijambulitse kaye nyimbo ku studio, pa tsiku la vidiyo aziimba motsatira sipika. Pambuyo pa maiki pabwere tripod yolimba ya mutu wofewa, nyali ya LED ya mabatire a NP-F, ndi flash ya Godox ya zithunzi. Gimbal idikire. Za malaiti nonse mukukumbukira mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, ndiye chilichonse mugula chizitha kutchajidwa ndi power bank.

Ngati mudzapita nayo ku Kulamba ku Mkaika mu August, fumbi la kumeneko musalipeputse. Gule akalowa m'bwalo n'kuyamba kupalasa, fumbi limakwera mpaka m'mano. Kamera za mirrorless ngati zimene takambazi sensa imakhala poyera mukangochotsa lenzi, ndiye sankhani zoom imodzi m'mawa, musasinthe muli m'bwalo. Zikakakamiza, sinthirani m'galimoto mawindo ali otseka, kamera itayang'ana pansi. Khalani ndi kopopera mpweya, sensa musaipukute ndi malaya. Ndipo imani pamene akuluakulu a mwambo akuimikani, jambulani zimene zaloledwa basi. Ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February vuto ndi mvula: chovindikira kamera chikhale m'chikwama, ndipo mukafika kunyumba tulutsani zonse ziume, muzisunge ndi silica gel kuti malenzi asachite chuku. Zojambula nyama ku Mfuwe ndi nkhani ina, zimafuna lenzi ya 400mm, musaziphatikize pa ndalama izi.

Pogula yogwirapo kale ntchito, kaya ku Lusaka kaya kwa munthu pa Facebook, musatumize ndalama musanaigwire. Onani shutter count, nambala ya zithunzi zimene yajambula kale. Jambulani kumwamba pa f/16 muone madontho a pa sensa. Unikani m'lenzi ndi tochi ya foni, mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude imeneyo ndi fungus, isiyeni. Gwedezani pang'ono waya wa HDMI ndi wa maiki muone ngati mabowo sanakhwepe, yesani malo onse a makadi, ndipo nambala ya pa kamera ifanane ndi ya pa lisiti. Pa Sony ikani Auto Pwr OFF Temp pa High, muisiye ijambule 4K kwa theka la ola, chifukwa kutentha kwa October kuno kumazimitsa makamera pakati pa mwambo. Mukaitanitsa kunja werengerani msonkho, ndiponso kuti ikafa mudzaibweza kwa yani.

Musanalipire, pemphani mafayilo awiri kapena atatu osakonza kwa anzathu a m'gulu muno amene ali ndi GH5 ndi a7 III, makamaka ojambulidwa m'tchalitchi, muwaike pa laputopu yanu muone ngati ikuwasewera komanso mmene khungu likutulukira mukawakankha. Lembaninso pano malenzi amene muli nawo pa 700D ija ndi RAM ya laputopu yanu, chifukwa ngati muli kale ndi 50mm f/1.8 ndi zoom yabwino ya Canon, ndingakukankhireni ku R7 m'malo mwa Sony.